Adiresi Zitatu za Dona Hermínia

Sitima inalowa pa siteshoni ya São Bento cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo Ondina Meireles anatsika dengu lili m'manja. Anali ndi zaka 27 koma mu Porto anali asanapondemo. Kwawo kunali kumapiri, kufupi ndi Vila Flor, kumene ankasamalira bambo ake odwala miyendo komanso munda wawo wa maolivi. Ulendo umenewu anauwerengera masiku kwa miyezi iwiri. Gaspar Valadares, mnyamata wa mu Porto amene anaphunzitsapo zaka ziwiri pa sukulu ya m'mudzi mwawo, anali atalonjeza kuti Lamlungu limeneli akamuonetsa kwa makolo ake pa chakudya cha masana.

M'dengumo munali botolo la mafuta a maolivi a chaka chomwecho, masoseji ofutsa pa utsi amene anapanga yekha, ndi buledi wamkulu wokulunga m'nsalu yoyera. Kumapazi kunali nsapato zagogoda, zoyamba m'moyo wake, zimene anagula chifukwa Gaspar ananenapo tsiku lina kuti mayi ake amayamba kuyang'ana munthu kumapazi.

Anagwirizana kuti akakumana pansi pa wotchi yaikulu. Ondina anaima pamenepo, alendo ochokera kunja akumugunda mapewa pofuna kujambula makoma a matailosi a buluu. Anawerenga akavalo onse ojambulidwa pa makomawo, nabwerezanso. Gaspar sanaoneke. Ataimba foni, inaitana mpaka kuduka yokha. Posakhalitsa panalowa uthenga.

"Wokondedwa, pepa, amayi andigwira ndi ntchito za kukhitchini. Bwera wekha, si patali. Foni yanga yafa sipika, uzingolemba."

Pansi pake panali adiresi ya kufupi ndi munda wa Virtudes. Ondina anamwetulira. Mwamuna wothandiza mayi ake kuphika si wopezekapezeka. Anakonza nsalu ya padengu, natuluka.

* * *

Pokhala mwana wa kumapiri, Ondina ankadziona ngati katswiri wa zitunda. Porto inamuchotsa matama. Kwawo njira imazungulira phiri mwaulemu, monga momwe zinailambulira mbuzi. Kuno anthu anangolunjika phiri pamphumi n'kuikapo masitepe. Pa mapu a mufoni zonse zinkaoneka zosalala ngati tebulo, ndipo panalibe pamene analemba kuti msewu uwu ndi khoma.

Komabe mzindawo unamukopa. Nyumba zake zinali zoonda, zazitali, zotsamirana ngati anthu ochokera ku mowa. Pa mawindo panali zovala zoyanika, mpaka zam'kati zomwe, popanda wochita nazo manyazi. Mbalame zoyera za kunyanja zinkalira pa madenga ngati makanda. Penapake munthu ankawotcha nsomba, ndipo mabelu a matchalitchi ankayankhizana kuchokera phiri ili kupita phiri ilo. Atafika pamwamba anaona mtsinje pampata wa nyumba ziwiri. Anali Douro yemweyo wa kwawo, koma kuno atanenepa, akuyenda mwaulesi ngati munthu wolemera. Ondina anapumira m'mwamba, nadziuza kuti mzinda uwu akhoza kuukonda. Anafika posankhiratu zenera limene angadzaikepo maluwa.

Pa adiresiyo anamutsekulira mzungu wa dziko lina, wovala kabudula, amene sanamve kalikonse. Mayi wina anasuzumira pa zenera la nyumba yoyandikana, nanena kuti mumsewu umenewo mulibe Valadares, ndipo eni ake enieni anatha kusamuka kalekale. Ondina analemba uthenga. Yankho linabwera msanga: wasokoneza ndi iyeyo Gaspar, chakudya chili kwa azakhali ake ku Miragaia, m'mphepete mwa mtsinje, angotsika basi.

Kutsika kunapweteka kuposa kukwera. Miyala ya mumsewu inkaluma gogoda pa sitepe iliyonse, dengu likulemera ngati muli mwana. Adiresi yachiwiri inali garaja yotseka, ya chitseko chadzimbiri. Pafupi pake, panja pa kanyumba ka khofi, madala atatu ankasewera makadi. Atangomva kalankhulidwe kake anadziwa kuti ndi wa kuseri kwa mapiri. Mmodzi anati munthu woyendetsa mkazi chonchi ndi dengu sayenera kulawa sosejiyo, ndi bwino angowasiyira iwowo. Wina anati iye mkazi wake anamwalira, ndipo nyumba yake ili pansi, yopanda sitepe ndi imodzi yomwe. Ondina anaseka nawo pang'ono chabe. Thuza la kuchidendene linali litaphulika. Belu linagunda 1 koloko.

Anakhala pa khoma la mtsinje, nalemba: "Gaspar, miyendo yatha ndipo chidendene chikutuluka magazi. Koma ndikubwera, ngakhale chokwawa. Ndimakukonda."

Panapita mphindi zingapo.

"Aka n'komaliza, wokondedwa. Tonse tikukudikira."

Adiresi yachitatu inali ku Fontainhas. Anatsata mtsinje, nadutsa pansi pa mlatho wachitsulo, napeza masitepe ena otalika kuposa onse aja. Anavula nsapato n'kuziponya m'dengu. Pokwera ulendo uno mzinda unali utasintha nkhope. Mawindo anasanduka maso, ndipo mbalame zija sizinkaliranso. Zinkamuseka.

* * *

Nambala imene anapatsidwa inali pa kachitseko kobiriwira, kakafupi moti anachita kuwerama. Kuseri kwake kunali kanjira kopapatiza, uku ndi uku timanyumba tondondozana ngati makola a nkhunda. Zitseko zonse zinali zokhomedwa ndi matabwa kupatula chimodzi cha kumapeto. Pamenepo panali miphika ya maluwa, ndi mayi wachikulire atakhala pa kampando, akupala nsomba m'beseni.

Mayiwo anayang'ana mapazi a Ondina kaye, kenaka dengu, nkhope pomaliza. Anafunsa ngati watumidwa ndi anthu ofuna kugula malowo, chifukwa ngati ndi choncho yankho linali lomwe lija. Ondina anati ayi, iye akufuna kwa a Valadares.

Mpeni unaima.

"Valadares wake uti?"

"Makolo ake a Gaspar. A Dona Hermínia ndi bambo Albano."

Mayiwo anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono, napempha kuti aone mauthengawo. Anawerenga foni ili patali ndi maso, milomo ikugwedera. Atamaliza anaseka kuseka kosakoma.

"Mwanawe, mnyamata wakoyo sadziwa n'komwe kuti khomo ili liliko. Kwa Valadares kuli munthu mmodzi yekha amene angalembe nambala iyi osafunsa, ndipo anabadwira pa bedi lili m'katimu. Ukuti Dona Hermínia? Kuno tinkamutcha Mina wamamina. Ndi mng'ono wanga. Ine ndine Zulmira."

Ondina anayang'ananso mauthenga aja ndi maso ena. Gaspar anali asanamutchulepo kuti wokondedwa. Ankamutcha kambuzi, ndipo ankalemba mothamanga, osaika ndi mpumiro womwe. Awa anali olembedwa mwaudongo ngati kalata ya ku ofesi. Anakhala pa mwala wa pakhomo.

A Zulmira anatenga madzi ofunda, nathiramo mchere, namuuza kuti aviike mapazi. Akumupukuta chidendene anamufotokozera nkhani yonse mosakweza mawu, ngati akunena za anthu ena. Zaka 38 zapitazo, Albano anali chibwenzi chawo iwowo. Tsiku limene ankabwera kudzaonekera kwa bambo awo, Mina anawadzutsa m'mamawa ndi uthenga woti Albano wasintha, akuti akamudikire pa doko la Matosinhos kuti abwerere limodzi. Anakadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Albano anafika pa khomo lomweli atavala suti yobwereka, napeza mkazi palibe, ndipo Mina anamuuza akulira kuti akulu ake athawa ndi mwamuna wa pa sitima ya pamadzi. Chaka chisanathe, Mina anali mayi Valadares.

Ondina anafunsa chifukwa chake sanapite kukamuuza Albano zoona.

"Ndinakula mtima. Ndinati mwamuna wokhulupirira bodza tsiku limodzi si wanga. Ndinkayesa abwera kudzafunsa. Sanabwere."

Kuyambira pamenepo, anatero a Zulmira, Mina anakwera phiri osacheukanso. Anzake a kutchalitchi amawauza kuti anabadwa yekha, m'banja lolemera la ku Foz, dera la mabwana m'mphepete mwa nyanja, ndipo makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Maliro a mayi awo sanabwere. Chaka chatha kunamveka kuti kanjira kano asamutsamo anthu onse, ndipo iye ayenera kuti anakhulupirira. Ankafuna kuti Ondina agogode pa zitseko zopanda anthu, atope, akwere sitima ya madzulo osaonana ndi aliyense.

Ondina ankaganiza za uthenga wake womaliza uja, wa magazi ndi kukwawa, ndi za maso amene anauwerenga. Poyamba anamva manyazi otentha mpaka m'makutu. Kenaka manyaziwo anazizira, nasanduka kanthu kena kolemera, kokhazikika pansi pa mtima. Kwawo anthu ankamudziwa Ondina kuti sakwiya msanga, koma mnyamata wina amene anadula mitengo ya bambo ake usiku anaphunzira kuti mkwiyo wake suwola.

Anafunsa ngati akudziwa kumene a Valadares amakhala. A Zulmira anati ku Cedofeita, pa nsanjika yachitatu, nyumba ya khonde la zitsulo zobiriwira. Anavomera, akuyang'ana m'beseni, kuti kawiri kapena katatu pa chaka amadutsa mumsewu umenewo, koma cha tsidya linalo.

"Ndaitanidwa ku chakudya," anatero Ondina. "Kwathu mlendo amaloledwa kubwera ndi mnzake."

A Zulmira anakana. Anati chilonda chakale sachitokosa, ndipo iwo akalamba, alibenso mano olumira munthu.

"Amayi, inu munadikira tsiku limodzi n'kukhala chete zaka 38. Kukhala chete kwanuko ndi kumene kwandiyendetsa ine lero. Akadzatopa nane, adzayendetsanso wina."

A Zulmira anavundikira nsomba zija ndi mbale, naimirira, nati adikire kaye asinthe zovala. Ondina anawagwira dzanja.

"Ayi. Tiyeni momwemo, ndi epuloniyo."

Mayiwo anayang'ana mamba a nsomba amene anamatirira pa mikono yawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira zenizeni. Anamubwereka Ondina masilipasi a amuna, akuluakulu, nati akwere basi, chifukwa eni mzinda sayenda pansi ngati alendo.

* * *

Anafika ku Cedofeita itadutsa 3 koloko. Chitseko cha kumsewu chinali chosakhoma. Ali pa nsanjika yachiwiri anayamba kumva phwete la akazi, ndipo atafika pa khomo anamva mawu a mayi wina akuwerenga mokokomeza, moyerekeza kalankhulidwe ka kumapiri.

"Ngakhale chokwawa. Mwamva? Chokwawa. Ndiye ameneyu akhale mpongozi wanga?"

Kuseka kunabukanso. Ondina anatchera khutu kufuna mawu a Gaspar pakati pa osekawo, koma sanawamve. Anagogoda katatu, mosapupuluma.

Anatsekula ndi Gaspar mwini, botolo la vinyo lili m'manja. Atamuona anadzidzimuka. Anayamba kulankhula mothamanga: foni yake yasowa kuyambira m'mawa, amayi anamuuza kuti sitima yachedwa, anapita ku siteshoni 12 koloko koma sanamupeze, anayesa kuti wasintha maganizo. Ondina anafunitsitsa kumukhulupirira. Koma sinali nthawi yake. Anamupatira dengu, namudutsa.

Pa tebulo panali anthu anayi. Kumutu kunali a Dona Hermínia, a tsitsi lokonzedwa ku saluni, zibangili zagolide zili ngwee, ndipo foni ya Gaspar inali pambali pa mbale yawo. Kudzanja lawo lamanja kunali a Dona Graciete, mkazi wa dokotala wodziwika m'deralo, ndi mwana wawo Constança, mtsikana wowala khungu amene a Hermínia ankamufunira Gaspar kuyambira ali ku sekondale. Kumapeto kunali bambo Albano, dala wa imvi, wachete, akuyang'ana m'mbale. Pakati panali mphika wa chifu cha ng'ombe ndi nyemba zoyera.

A Dona Hermínia anayang'ana masilipasi aja, nayamba kumwetulira. Anati mtsikanayo wachedwa kwambiri, ndipo mu Porto anthu amasunga nthawi.

"Pepani, adona," anatero Ondina mwaulemu wonse. "Adiresi ziwiri zoyamba zinali zolakwika. Koma yachitatu inali yolondola. Ndakupezerani akulu anu."

Anapatuka pakhomo, ndipo a Zulmira analowa ndi epuloni yawo. Fungo la nsomba linalowa nawo. Anayang'ana makatani, galasi lalikulu, mbale zasiliva, kenaka anayang'ana mng'ono wawo.

"Mina, wanenepa."

Foloko ya a Dona Graciete inagwera m'mbale. A Hermínia anayera milomo, koma anadzigwira. Anauza alendo awo kuti mayi amenewa sakuwadziwa, mwina ndi wodwala mutu amene mtsikana wa kumudziyu wamutola mumsewu, ndipo anauza Gaspar kuti awatulutse onse awiri.

A Zulmira anati palibe vuto, atuluka. Anangopempha kuti a Dona Hermínia asunthe kaye chibangili chachikulu cha kudzanja lamanzere, alendo aone chipsera cha mpeni wopalira nsomba, chimene anadzicheka ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku limene mayi awo anawatenga onse awiri kukagulitsa ku msika. Dzanja lamanja la a Hermínia linapita lokha kukaphimba chibangilicho, ndipo aliyense anaona.

Gaspar anali akadali chiimire ndi dengu. Anafunsa mayi ake kuti amenewa ndani.

"Ndi amayi ako aakulu," anayankha Ondina. "Amakhala ku Fontainhas, m'nyumba imene anabadwira mayi akowa. Mayi akowa Foz sanaionepo, kupatula pa basi."

Apo ndi pamene mpando wa kumapeto unakhuluka. Bambo Albano anali ataimirira, manja ali pa tebulo. Chilowereni a Zulmira, iwo anali asanachotse maso pa nkhope yawo.

"Zulmira," anatero motsitsa. "Wa pa sitima uja anakusiya liti?"

"Kunalibe wa pa sitima, Albano. Ndinali pa doko la Matosinhos kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, nditavala diresi langa la buluu, kudikira iwe. Mina anati ndiwe wanena choncho."

Bambo Albano anatembenukira kwa mkazi wawo. Anangowayang'ana, ndipo a Hermínia, amene pakamwa pawo sipankasowa yankho, anayang'ana pa nsalu ya tebulo. Dalayo anapinda kansalu kake kopukutira pakamwa bwinobwino, nakatenga jekete ndi chipewa pa msomali. Anafunsa a Zulmira ngati angawalole kuwaperekeza kwawo, popeza pali zambiri zofunika kumva. A Zulmira anati kwawo n'kokwera, ndipo mawondo a bambo Albano akuoneka kuti anatha. Dalayo anati ayesa.

A Hermínia anaitana dzina la mwamuna wawo kamodzi, kawiri. Chitseko chinatsekeka pang'onopang'ono, ndipo mapazi a anthu awiri anamveka akutsika.

A Dona Graciete anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mlendo kunyumba. Anatenga chikwama chawo, natsanzika osapsompsona mwini nyumba, maso ali gwaa ngati munthu amene wanyamula nkhani yotentha ndipo akuopa kuti ingazizire panjira. Constança anawatsatira, koma pakhomo anacheuka, namuyang'ana Ondina nthawi yaitali.

Ondina anakoka mpando umene anasiya bambo Albano, nakhala. Anatenga mbale yoyera, napakula chifu ndi nyemba, nadya masupuni atatu pamaso pa a Dona Hermínia, osathamanga. Chinali chakudya chokoma kuposa chilichonse chimene anadyapo.

"Mumatha kuphika, adona," anatero popukuta pakamwa. "Zikuoneka kuti munaphunzira kwa anthu odziwa njala."

* * *

Gaspar anamupeza pa masitepe, namugwira mkono. Maso ake anali ofiira. Anati akumvetsa kuti amayi ake alakwa, alakwa kwambiri, koma zimene wachita Ondina zaposa mlandu. Bambo ake atuluka m'nyumba imene akhalamo zaka zoposa makumi atatu. Pofika mawa Cedofeita yense adzakhala akuseka mayi ake. Akanatha kubwera kwa iye kaye, awiri, n'kukambirana.

Ondina anamufunsa kuti akanabwera pa adiresi iti.

Gaspar analizemba funsolo. Kenaka anati amamukondabe, koma lero sangawasiye mayi ake okha. Apite kaye kwawo, iye adzamuimbira zinthu zikazizira.

"Mapazi anga wawaona?" anafunsa Ondina.

Gaspar anayang'ana pansi, ndipo Ondina anazindikira kuti aka kanali koyamba kuwayang'ana. Anachotsa mkono wake m'dzanja la mnyamatayo. Kuchokera m'nyumba munamveka mbale ikusweka, ndi mawu a Dona Hermínia akuitana mwana wawo. Gaspar anayang'ana kumwamba, nayang'ana Ondina, nakwera.

Ondina anatsika yekha. Kukoma kuja kunali kukadali pakamwa, koma pachifuwa panali patayamba kuwawa. Ankamukondabe munthuyo, ndipo zimenezi zinamukwiyitsa kuposa zonse.

* * *

Panja dzuwa linali litapendeka. Anaima mumsewu ndi masilipasi obwereka, osadziwa kuti ku siteshoni n'kumanja kapena kumanzere. Galimoto yaing'ono yofiira inaima patsogolo pake, galasi n'kutsika. Anali Constança, ali yekha. Anati mayi ake wawakweza takisi, chifukwa iye amafuna kulankhula ndi Ondina.

Ondina anati alibe chokambirana ndi munthu amene amaseka magazi ake.

Constança sanakane. Anati anasekadi, mwinanso kuposa onse, chifukwa Gaspar anamuuza kuti kumapiri kuli mtsikana wina womangomukakamira, amene iye sanamulonjezepo kanthu. Koma pamene foni ija inkazungulira pa tebulo, iye anakwera m'mwamba mwa mauthengawo, nawerenga zimene Gaspar ankalembera Ondina miyezi yonseyi. Ena mwa mawuwo anali omwewo amene ankalembera iyeyo, tsiku lomwelo, kungosintha dzina.

Anatulutsa foni yake pa zenera. Uthenga unali wa dzulo madzulo, wochokera pa nambala ya Gaspar.

"Mawa ukangokhala phee. amayi ali ndi njira yawo akamuzunguza pang'ono abewrera yekha Ine kumuuza pamaso sindingathe."

Ondina anawerenga kawiri. Munalibe mpumiro wokwanira, ndipo zilembo ziwiri zinali zosemphana, monga momwe Gaspar amalembera akathamanga. Komabe anabweza foniyo, nanena kuti lero waphunzira kuti nambala ya Gaspar imalemba ndi manja ambiri.

"Ndinadziwa kuti utero," anatero Constança. "Ndili ndi mawu ake enieni, anajambula yekha. Koma sindikuyatsira pamsewu. Lowa. Iwe wathana ndi mayi ake, ndipo ndakuvulira chipewa. Mwana wawo akadali wathunthu, ndipo ameneyo ndi wa tonse awiri."

Ondina anamuyang'anitsitsa. Sankadziwa ngati akuona mkazi wopwetekedwa ngati iye, kapena mdani amene wapeza njira yachidule yomuchotsera pa bwalo. Nthawi yomweyo chitseko cha nyumba chinatseguka mwamphamvu. Gaspar anatuluka wefuwefu, nsapato zagogoda zija zili m'manja, akuitana dzina lake. Ataona galimoto yofiira ndi amene anali m'katimo, anaima ngati wagunda khoma. Mantha amene anaoneka pa nkhope yake sanali a munthu wosalakwa.

Ondina anazungulira galimoto, natsekula chitseko, nakhala. Anakhoma loko Gaspar asanafike pa chogwirira.

"Yendetsa," anatero osamuyang'ana Constança. "Koma ngati ukundinamiza, waona wekha zimene ndimachita ndi anthu onama."

Galimoto inayamba kutsika phiri, chikhatho cha Gaspar chikumenya padenga kamodzi komaliza. Constança anadina foni, naiika pakati pawo. M'galimotomo munamveka mawu amene Ondina akanawazindikira ngakhale pakati pa anthu chikwi, ndipo asananene kalikonse anayamba ndi kuseka.